Kukhala ndi ADHD ku Cape Town: Udindo Wanu Uyambira Pati, Uthera Pati?

Ngati inuyo, mwana wanu kapena mnzanu wapabanja wapezeka ndi vuto la ADHD kuno ku Cape Town, mwina mwazindikira kale kuti ntchito yeniyeni imayamba tsiku limene dokotala watchula dzina la vutoli. Mwezi uliwonse pamafunika kalata yatsopano ya dokotala yotengera mankhwala. Pamafunika kukumbukira tsiku lobwerera kuchipatala, kupempha chilolezo kwa abwana, kusunga ndalama ya takisi, kulawirira kukaima pamzere ndi kusamala khadi kuti lisatayike. Zonsezi zikuyembekezeka kwa munthu amene vuto lake lenileni ndi kuiwala masiku, kuchedwa ndi kutaya zinthu.

Madokotala a matenda a maganizo m'dziko muno akhala akudandaula za mtolo umenewu, ndipo bungwe lawo la South African Society of Psychiatrists, lomwe mwachidule limatchedwa SASOP, lakhala likupempha kuti malamulo a mankhwalawa afewetsedwe. Pamene akuluakulu akukambirana zimenezi, inu muli ndi ntchito yoti muisunge, mwana woti apitirize sukulu ndi lendi yoti mulipire pakutha pa mwezi. Tsamba lino likusiyanitsa mawu awiri amene kawirikawiri amasokonezedwa, mlandu ndi udindo. Palibe mlandu umene munapalamula kuti mukhale ndi ADHD. Koma pali gawo la udindo limene palibe wina angalisenze m'malo mwanu, ndipo palinso gawo lina limene ndi la boma, sukulu ndi olemba ntchito. Kudziwa malire a magawo awiriwa kumathandiza kuti musadziimbe mlandu pachabe, komanso kuti musakhale manja lende kudikira ena.

ADHD n'chiyani?

Zilembo zinayizi zikuimira mawu a Chingerezi akuti attention deficit hyperactivity disorder. M'Chichewa mulibe dzina limodzi limene onse analivomereza, choncho ife omasulira nkhani zaumoyo timangofotokoza kuti ndi vuto la kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kusakhazikika ndi kuchita zinthu mwaphuma. Anthu ena amalitchulabe ADD, dzina limene madokotala a ku America analikhazikitsa mu 1980 n'kulisintha mu 1987.

Vutoli limaoneka m'njira zitatu. Ena maganizo awo amangouluka: amayamba ntchito koma saimaliza, amaiwala zimene angouzidwa kumene, amasowetsa makiyi, foni ndi mapepala. Ena sakhazikika: amayankha funso lisanathe, amadula anzawo mawu, amavutika kudikira pamzere, amagula kapena kusiya ntchito asanaganize. Ambiri amakhala ndi zonse ziwiri. Atsikana ndi amayi nthawi zambiri amakhala m'gulu loyamba, ndipo popeza sasokoneza kalasi, amakula osadziwika kuti akuvutika.

Munthu aliyense amaiwala ndipo amatopa nthawi zina. Kuti dokotala anene kuti ndi ADHD, zizindikirozo ziyenera kukhala zitayamba munthu asanakwanitse zaka 12, zitatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposera apo, zikuoneka m'malo awiri kapena ambiri monga kunyumba ndi kusukulu kapena kuntchito, ndipo zikuwonongadi moyo wa munthuyo. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri akusonyeza kuti ana pafupifupi 5 pa 100 alionse ali ndi vutoli, ndipo mwa akuluakulu ndi pakati pa 2 ndi 3 pa 100 alionse. Ana ambiri sasiyana nalo akakula. Chimene chimasintha ndi maonekedwe ake: mwana amene ankakwera pamadesiki amadzakhala bambo amene mtima wake sukhala m'malo ngakhale thupi litakhala pansi.

Chifukwa chake si mlandu wanu

Ambiri a ife tinakula tikumva maina amene ana otere ankapatsidwa kumudzi ndi kusukulu: wosamva, waulesi, wamwano, wojijirika. Ena ankati mwanayo analodzedwa, ena ankaloza chala mayi ake kuti sadziwa kulera. Maganizo oterewa sali kwathu kokha. Mu 1902, dokotala wa ana wa ku London, George Still, atafotokoza za ana amene lero tingati anali ndi ADHD, ananena kuti vuto lawo linali kulephera kudziletsa pa khalidwe. Panatenga zaka zambiri kuti asayansi aone kuti gwero lake lili m'kakulidwe ndi kagwiridwe ntchito ka ubongo.

Kafukufuku wa mapasa akusonyeza kuti gawo lalikulu la vutoli, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, limachokera ku zimene munthu amatengera kwa makolo. N'chifukwa chake mwana akapezeka nalo, si zachilendo kuti bambo kapena mayi adzizindikire okha pa zimene dokotala akufotokoza. Kubadwa masiku asanakwane, kubadwa ndi sikelo yotsika kwambiri, ndi mowa umene mayi anamwa ali woyembekezera zimawonjezera chiopsezo. Kafukufuku sanapeze umboni woti shuga ndiye amayambitsa ADHD, ndipo kulera molekerera sikuyambitsa vutoli, ngakhale kuti nkhanza ndi chisokonezo panyumba zimalikulitsa.

Mbali yakutsogolo ya ubongo ndi imene imatithandiza kukonza dongosolo, kuyerekeza nthawi, kudziletsa ndi kupitiriza ntchito yosasangalatsa. Imadalira timadzi totumiza mauthenga totchedwa dopamine ndi noradrenaline. Kwa munthu wa ADHD, dongosolo limeneli siligwira ntchito mofanana nthawi zonse. Katswiri wa ku America, Russell Barkley, wakhala akuphunzitsa kuti munthu wotere amadziwa bwino zoyenera kuchita, koma amalephera kuzichita pa nthawi ndi pamalo pamene zikufunika. Ichi n'chifukwa chake malangizo ndi chidzudzulo sizithandiza kwenikweni. Mungamuuze kangapo kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iye n'kuvomera ndi mtima wonse, koma kudekhako ndiko kumene ubongo wake ukumumana.

Zimene zili pachiswe

Wina angafunse kuti, ngati munthu wakhala nalo vutoli kuyambira ali mwana ndipo wafika nalo mpaka ku Joni, n'kulimbana naliranji lero? Yankho lili m'ziwerengero za m'mayiko amene amasunga bwino mbiri ya odwala. Kafukufuku wa ku Denmark wofalitsidwa mu 2015, amene anatsatira anthu pafupifupi 2 miliyoni, anapeza kuti anthu a ADHD anali ndi chiopsezo chomwalira msanga choposa kawiri cha anzawo, makamaka chifukwa cha ngozi. Kafukufuku wa ku Britain wofalitsidwa mu 2025 anayerekeza kuti akuluakulu opezeka ndi vutoli amakhala ndi moyo wofupikirapo ndi zaka pafupifupi 7 kwa abambo ndi pafupifupi 9 kwa amayi. Ku Sweden, kafukufuku wa mu 2014 anasonyeza kuti abambo a ADHD ankachita ngozi zazikulu zapamsewu zocheperapo ndi theka kapena kuposa pa nthawi imene ankamwa mankhwala, poyerekeza ndi nthawi imene sankamwa.

Ziwerengerozi ndi za kutali, koma tanthauzo lake lili pafupi. Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ambiri kuno amaperekera zakudya ndi katundu pa njinga zamoto, akupikisana ndi nthawi pakati pa magalimoto ndi mvula ya m'nyengo yozizira. Ena amakwera makwerero pa zomangamanga, ena amagwira mipeni ndi mafuta otentha m'makhitchini a malesitilanti, ena amalera ana a eni nyumba. Pa ntchito zonsezi, maganizo akauluka kwa kamphindi zotsatira zake zimatha kukhala kuvulala kapena kuchotsedwa ntchito, ndipo ntchito ikatha, kumudzi nakonso ndalama ya fetereza ndi ya fizi imaima.

Pali chiopsezo chinanso chimene Cape Town ikuchidziwa bwino. Achinyamata a ADHD amene sanathandizidwe amagwa mosavuta m'mowa, fodya, chamba ndi mankhwala ena osokoneza bongo, ndipo m'madera ambiri a Cape Flats tik amapezeka pafupi. Kubetcha pa foni nako kumakola msanga munthu amene amachita zinthu asanaganize.

Mmene zinthu zilili m'dziko muno

Mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi maina a Ritalin ndi Concerta. Si atsopano: anapangidwa koyamba ku Switzerland mu 1944. Pansi pa lamulo la mankhwala la South Africa la 1965, ali m'gulu la Schedule 6, limodzi ndi mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine. Kalata ya dokotala ya mankhwala a gulu limeneli siibwerezedwa, siipitirira mankhwala a masiku 30, ndipo iyenera kufika ku famase pasanathe masiku 30 chiilembereni. Cholinga cha lamuloli n'chomveka, chifukwa mankhwalawa ena amawagulitsa mobisa kapena kuwamwa molakwika, makamaka nthawi ya mayeso. Koma amene akupempha kusintha akuti mtengo wa chitetezo chimenechi ukugwera odwala enieni, amene ayenera kuyenda ulendo womwewo ka 12 pa chaka.

Amene ali pa medical aid, omwe ndi ochepera munthu mmodzi pa anthu asanu m'dziko muno, nawonso sali pabwino kwenikweni. ADHD sili pa mndandanda wa matenda amene lamulo la 1998 limakakamiza makampaniwa kulipirira mokwanira, kotero mabanja ambiri amalipira kuchokera m'thumba. Ngakhale pa dziko lonse lapansi nkhaniyi sinagwirizanidwe: komiti ya akatswiri ya World Health Organization inakana mu 2019 ndi mu 2021 kuika methylphenidate pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri, ponena kuti umboni wa ubwino ndi kuipa kwake pa nthawi yaitali sunali wokwanira. Madokotala ambiri a matenda a maganizo anatsutsa chigamulocho.

M'zipatala za boma, mankhwalawa ali pa mndandanda wothandizira ana, ndipo Cape Town ili ndi mwayi kuposa madera ambiri. Pali nthambi zoona za maganizo a ana ndi achinyamata ku Red Cross War Memorial Children's Hospital ku Rondebosch, ku Tygerberg Hospital ndi ku Lentegeur Hospital ku Mitchells Plain. Akuluakulu amathandizidwa kudzera ku Valkenberg, Stikland, Lentegeur, Groote Schuur ndi Tygerberg, koma kumeneko malo oyamba amapita kwa odwala kwambiri, ndipo njira ya munthu wamkulu wa ADHD ndi yopapatiza. Kafukufuku wa akatswiri a ku Cape Town wofalitsidwa mu 2019 anapeza kuti boma linkagwiritsa ntchito pafupifupi 5 peresenti yokha ya ndalama zaumoyo pa matenda a maganizo, kuti 86 peresenti ya ndalamazo inkapita kwa odwala ogonekedwa, ndiponso kuti ngakhale ku Western Cape, komwe kunali bwinoko, madokotala a boma a matenda a maganizo sankakwana mmodzi pa anthu 100,000 opanda medical aid.

Pali zina zimene zasintha. Mu 2017 SASOP inatulutsa malangizo oyamba a dziko lino othandizira akuluakulu a ADHD, olembedwa ndi Renata Schoeman, dokotala wa kuno ku Cape Town, ndi Rykie Liebenberg. Chaka chomwecho Schoeman anathandiza kukhazikitsa bungwe la Goldilocks and the Bear Foundation, limene limapima ana kwaulere m'sukulu za m'madera osauka. Boma nalo lili ndi ndondomeko ya matenda a maganizo ya 2023 mpaka 2030, imene ikulonjeza kubweretsa chithandizo kufupi ndi anthu, m'makiliniki a m'dera.

Kwa obwera, pali mantha owonjezera. Mu 2025 magulu monga Operation Dudula ankatsekereza anthu ochokera kunja pazipata za makiliniki, makamaka ku Gauteng ndi KwaZulu-Natal. Mu Novembala chaka chomwecho, khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti gululi lilibe mphamvu yofunsa anthu ziphaso kapena kuwaletsa kupeza chithandizo. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wopeza chithandizo chaumoyo kwa munthu aliyense, ndipo limaletsa kukaniza munthu chithandizo chadzidzidzi. Mukabwezedwa pachipata chifukwa cha dziko lanu, mabungwe monga Scalabrini Centre ya ku Cape Town amapereka uphungu kwa obwera.

Gawo lanu loyamba: kupimidwa moyenera

Akuluakulu anati phukusi la moyo umasunga wekha. Pa nkhani ya ADHD, kusunga phukusi kumayamba ndi kudziwa chenicheni chimene chili m'katimo. Masiku ano ambiri akudzipeza okha ndi vutoli ataonera mavidiyo pa foni. Kafukufuku wa mu 2022 amene anaunika mavidiyo 100 otchuka kwambiri a ADHD pa TikTok anapeza kuti pafupifupi theka lake anali osocheretsa. Vidiyo ingakuchititseni kufunsa, koma yankho liyenera kuchokera kwa wachipatala.

Pali zinthu zambiri zimene zimafanana ndi ADHD: kusagona mokwanira chifukwa cha mashifiti ausiku, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, mowa, ndi mabala a mumtima otsala munthu akachitiridwa nkhanza kapena kuberedwa moopsezedwa. Kwa ana, onjezerani njala, kusamva kapena kusaona bwino, ndi mtundu wina wa khunyu umene mwana amangoti duu kwa masekondi ochepa. Western Cape ilinso m'gulu la madera amene ali ndi ana ambiri padziko lonse ovulazidwa ndi mowa ali m'mimba, ndipo ana amenewa amafuna chithandizo chapadera. Musaiwalenso chilankhulo: mwana amene kunyumba amalankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, koma m'kalasi akuphunzitsidwa m'Chingerezi, isiXhosa kapena Afrikaans, angaoneke ngati sakumvetsera pamene sakumva chabe zimene zikunenedwa.

Yambirani ku kiliniki kapena ku day hospital ya m'dera lanu, ndipo pemphani kuonana ndi namwino woona za matenda a maganizo, amene angakutumizeni patsogolo. Pitani mutakonzeka. Popeza dokotala adzafuna umboni wa ubwana wanu, ndipo malipoti anu a ku pulayimale mwina anatsala ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Chipata, imbirani mayi anu, azakhali kapena mkulu wanu, muwafunse kuti munali mwana wotani ndipo aphunzitsi ankati chiyani za inu. Lembani zimene anena. Lembaninso zitsanzo zitatu kapena zinayi za mwezi wathawu pamene vutoli linakutayitsani ndalama, ntchito kapena mtendere panyumba. Ngati ndi mwana, tengani kabuku kake ka Road to Health, malipoti a kusukulu ndi kalata ya mphunzitsi. Ngati Chingerezi chimakuvutani, pitani ndi munthu wamkulu amene mumamukhulupirira kuti akumasulireni. Si bwino kuti mwana azimasulira nkhani yokhudza iye mwini.

Gawo lanu lachiwiri: mankhwala

Mankhwala sachiza ADHD. Amachepetsa zizindikiro pa maola amene ali m'thupi, ndipo ambiri amene amawamwa amathandizidwa. Mapiritsi wamba a methylphenidate amagwira ntchito maola atatu kapena anayi, pamene ena otuluka pang'onopang'ono amafika maola 8 mpaka 12. Palinso atomoxetine, amene sali m'gulu la Schedule 6, koma amatenga milungu ingapo kuti ayambe kuoneka mphamvu yake.

Uzani dokotala zoona zokhazokha: ngati muli ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi, ngati wachibale anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, ngati muli woyembekezera, ngati mumamwa mowa kapena kusuta chamba, komanso mankhwala ena onse amene mukumwa, kuphatikizapo a HIV, a TB ndi azitsamba. Mankhwalawa amatha kuchepetsa chilakolako cha chakudya, kusowetsa tulo, kupweteketsa mutu ndi kukweza kugunda kwa mtima. Idyani chakudya cham'mawa, musawamwe madzulo pokhapokha dokotala atatero, ndipo onetsetsani kuti mwana akuyezedwa sikelo ndi msinkhu. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena kukomoka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Lamulo la masiku 30 silisintha chifukwa choti inu mwaiwala, choncho likonzekereni. Tsiku limene mwalandira mankhwala, musanatuluke pachipata, ikani alamu pa foni yoti ilire patatsala sabata kuti athe, ndipo uzani munthu mmodzi wa m'nyumba mwanu tsikulo. Jambulani khadi lanu ndi bokosi la mankhwala. Sungani mankhwala pobisika, makamaka ngati mukukhala anthu ambiri m'nyumba imodzi. Kugawira kapena kugulitsa mankhwala a Schedule 6 ndi mlandu, ngakhale kwa mnzanu amene akulemba mayeso. Mukamapita kumudzi pa Khirisimasi, kambiranani ndi dokotala nthawi ikadalipo, ndipo yendani ndi mankhwala ali m'bokosi lake lokhala ndi dzina lanu pamodzi ndi kalata ya dokotala, chifukwa mankhwalawa amalondedwa m'malire a mayiko.

Gawo lanu lachitatu: kukonza malo, osangolimbikira

Anthu ambiri a ADHD alonjezapo kambirimbiri kuti mawa ayesetsa kwambiri, ndipo mawalo likafika zimabwerezeka. Kusenza udindo pa vutoli ndi kuvomereza kuti mutu wanu si malo odalirika osungirako zinthu, n'kuzisamutsira panja pamene maso angazione. Makiyi, chikwama ndi chiphaso zikhale ndi malo amodzi pafupi ndi chitseko. Abwana akakupatsani ntchito zingapo, zibwerezeni pamaso pawo kapena apempheni azitumize pa WhatsApp. Ikani alamu ya nthawi yonyamukira panyumba, chifukwa ya nthawi yofikira imalira mutachedwa kale. Ntchito yaikulu iduleni m'tizigawo ta mphindi 15 kapena 20.

Pa ndalama, chitani zofunika tsiku lomwelo la malipiro: lendi, yotumiza kumudzi, ya chipereganyu. Chotsala ndicho chikhale m'manja. Ngati kubetcha kwayamba kukukokani, chotsani mapulogalamuwo pa foni ndipo uzani munthu wina. Ngati mumayendetsa njinga yamoto kapena galimoto, imani kaye musanagwire foni, ndipo musayendetse mutagona maola ochepa. Kugona nthawi yofanana tsiku lililonse ndi kuchita masewera olimbitsa thupi, ngakhale mpira wa Lamlungu, kumathandiza ubongo kukhazikika.

Udindo ulinso ndi mbali yowawa. ADHD imafotokoza chifukwa chimene munaiwalira kukatenga mwana kusukulu kapena munalankhulira mawu opweteka, koma siichotsa ululu umene winayo wamva. Pepesani mosazungulira, konzani chimene chawonongeka, kenako sinthani chinthu chimodzi chooneka kuti zisabwerezeke. Mnzanu wapabanja adzakhulupirira alamu imene mwaika pamaso pake kuposa lumbiro lachikhumi.

Kuulula kuntchito ndi chisankho chanu. Lamulo la Employment Equity la 1998 limaletsa tsankho chifukwa cha ulumali ndipo limafuna olemba ntchito kupanga masinthidwe oyenera kwa amene vuto lawo ndi lalikulu komanso lokhalitsa. Komabe ambiri a ife timagwira ntchito zopanda mgwirizano wolembedwa, choncho yezani bwino. Nthawi zambiri mungapemphe chimene mukufuna, monga malangizo olembedwa kapena tsiku limodzi pamwezi lopita kuchipatala, popanda kufotokoza zonse.

Kwa makolo ndi osamalira

Mwana sangasenze yekha udindo umenewu. Mumausenza ndinu, n'kumamupatsira pang'onopang'ono pamene akukula. Kwa ana osakwana zaka 6, chithandizo choyamba ndi kuphunzitsa makolo njira zolerera, mankhwala asanaganiziridwe. Mupatseni lamulo limodzi pa nthawi imodzi, mukumuyang'ana m'maso. Muyamikireni nthawi yomweyo akachita bwino, chifukwa mphoto ya kumapeto kwa teremu ili kutali kwambiri kwa iye. Kumenya sikuchotsa ADHD, kumangowonjezera mantha ndi bodza, ndipo kuyambira mu 2019 khoti la malamulo aakulu linagamula kuti kumenya mwana, ngakhale kunyumba, n'kosaloledwa m'dziko muno.

Kusukulu muli ndi poyambira. Ndondomeko ya boma ya 2014 yotchedwa SIAS imafuna kuti sukulu iliyonse ikhale ndi gulu la aphunzitsi lothandiza ana amene akuvutika kuphunzira, ndipo gululi likalephera limatumiza nkhaniyo ku ofesi ya maphunziro ya chigawo. Pemphani msonkhano, funsani zimene zalembedwa zokhudza mwana wanu, ndipo sungani makope. Ophunzira ena amaloledwa nthawi yowonjezera pa mayeso, koma pempholi limafuna umboni ndipo liyenera kuperekedwa msanga, mwana asanafike Grade 12.

Ngati mukusamalira munthu wamkulu, gwirizanani naye kuti ndi zinthu ziti zimene mudzimukumbutsa ndi ziti zimene ndi zake. Mukatenga zonse, mudzatopa ndipo chikondi chidzasanduka ulonda. Mukasiya zonse, adzagwa pamene mukanamugwira. Inunso mukufunika wokumverani. Bungwe la Cape Mental Health ku Observatory, limene linakhazikitsidwa mu 1913, limathandiza mabanja, ndipo bungwe la SADAG lili ndi magulu othandizana komanso nambala zaulere. Ngati inu kapena wachibale ali ndi maganizo ofuna kudzipha, imbani 0800 567 567 kapena pitani kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo.

Gawo limene si lanu

Simunalembe ndinu lamulo la masiku 30, simunasiye ndinu ADHD kunja kwa mndandanda wa medical aid, ndipo kuchepa kwa madokotala si kulephera kwanu. Mukachita mbali yanu yonse koma n'kudikirabe miyezi kuti muonane ndi katswiri, musabwerere ku maina akale aja a ulesi ndi kusamva. Zimenezo ndi ngongole ya boma, ndipo muli ndi ufulu woikumbutsa: kulemba dandaulo kwa woyang'anira kiliniki, kufunsa komiti ya kiliniki ya m'dera lanu, ndi kulowa m'magulu a odwala amene akupempha kusintha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo malamulo a mankhwala amasunthika pamene odwala, makolo ndi madokotala alankhulira pamodzi.

Pakadali pano, sankhani chinthu chimodzi choti muchite sabata ino. Ngati simunapimidwe, imbani foni kumudzi mufunse za ubwana wanu, ndipo lembani tsiku lopita ku kiliniki. Ngati muli kale pa mankhwala, werengani mapiritsi amene atsala ndipo ikani alamu musanatseke tsamba lino.